Miliri iwiri ndi sukulu ya anthu a sosho

Lachisanu pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko la Malawi lili pangozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Pa tsikulo n'kuti m'dziko muno musanapezeke ndi mmodzi yemwe wodwala nthendayi, pakuti atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Koma pofika Lolemba pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira za mkombaphala mpaka zaukachenjede. Mwa amene anamanga katundu n'kukwera mabasi kubwerera kwawo munali kagulu kakang'ono kamene sikankatchulidwa m'nkhani za masiku amenewo: ophunzira za chisamaliro cha anthu, amene akamaliza maphunziro amakakhala aja timangoti a sosho.

Anthu amenewa timawakumbukira zinthu zikavuta. Khanda likasiyidwa kuchipatala, oitanidwa ndi iwowa. Mtsikana akagwiriridwa ndi wachibale, akubanja n'kumafuna kuti nkhaniyo ithere pakhomo, amene amaumirira kuti ipite kupolisi ndi iwowa. Mnyamata wa zaka 14 akagwidwa ataba foni pamsika, khoti la ana limafuna lipoti la wa sosho lisanagamule, lofotokoza za kwawo, amene akumulera, ndiponso ngati amapita kusukulu. Mtukula Pakhomo m'maboma amayendetsanso ndi omwewa. Ntchito ndi yambiri koma eniake akhala ochepa kuyambira kale, ndipo kuchepako kuli ndi mbiri yake.

Makolo athu analibe ofesi ya zoterezi. Mwana wamasiye ankatengedwa ndi atsibweni ake kapena azakhali, banja likagwedezeka ankhoswe ankakhala pansi, ndipo nkhalamba inkadya pa mbumba yake. Amishoni atabwera anawonjezerapo zipatala ndi malo osungira akhate ndi osaona. Boma la atsamunda linalowererapo mochedwa komanso monyinyirika. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ndi akazi awo, kenako mafumu, ankaphunzira ukhondo, kukumba zimbudzi, kulera ana ndi ulimi wamakono kuti akaphunzitse anzawo kumudzi. Maganizo ake anali otukula mudzi wonse. Zokhala pansi ndi munthu mmodzi wosweka mtima n'kumumvetsera sizinali m'gulu la maphunzirowo.

Maiko oyandikana nafe anatitsogolera. Ku Johannesburg, sukulu ya Jan Hofmeyr inayamba kuphunzitsa anthu akuda ntchitoyi mu 1941, ndipo Joshua Nkomo ndi Winnie Mandela anaphunzira kumeneko. Ku Lusaka kunatsegulidwa Oppenheimer College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare, ansembe a chipani cha Jesuit anayambitsa sukulu yawo mu 1964. Kwathu kuno tinali ndi Magomero, m'boma la Chiradzulu, dera lomwe Bishopu Charles Mackenzie anakhazikako anthu owomboledwa kwa ogula akapolo mu 1861. Kuyambira m'zaka zoyambirira za ufulu, koleji ya boma ya ku Magomero yakhala ikusula alangizi a zachitukuko, kenako ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu. Koma kwa zaka zambiri pepala lomwe munthu ankatuluka nalo kumeneko linali satifiketi basi. Yunivesite ya Malawi, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 1965, inali ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu ku Chancellor College, koma digiri ya ntchito ya sosho kunalibe.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kamuzu Banda ankakonda kunena kuti anthu ake ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha. M'dziko lomwe mtsogoleri wanena kale kuti zonse zili bwino, ndani akanaimirira n'kupempha sukulu yosula akatswiri ofufuza za njala ya m'makomo, nkhanza za m'mabanja ndi ana ogona m'misewu? Ntchitoyi inakhala ya kaofesi kamodzi kuseri kwa ofesi ya DC, ka munthu mmodzi kapena awiri, njinga yamoto ikakhalapo mafuta palibe.

Chimene chinasintha zinthu ndi Edzi. Wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 maliro anali paliponse. Mliriwu unkatenga anthu a msinkhu wobereka ndi wogwira ntchito, omwe aja mwambo unkadalira kuti ndiwo alere ana a abale awo. Atsibweni amene akanatenga mwana n'kuti nawonso ali pamphasa. Agogo anapezeka ali ndi zidzukulu zodzaza nyumba, kwina mwana wa zaka 15 n'kukhala mutu wa banja, ndipo achibale ena ankathamangira kulanda katundu maliro asanathe n'komwe. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkanenedwabe m'misonkhano, koma nkhokwe sizinkaugwirizana nawo. Pofika m'ma 2000 ana amasiye m'dziko muno ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 1 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo makolo awo anapita ndi Edzi.

Boma linatulutsa ndondomeko yosamalira ana amasiye mu 1992, yomwe inati mwana aleredwe pakati pa abale ndi mudzi wake, ndipo nyumba yosungira ana amasiye ikhale pothawira pomaliza. Mfundoyo inali yabwino, koma inkafuna munthu woti aziyendera makomowo, kuona ngati mwanayo akudya, ngati akupita kusukulu, ngati sanasanduke wantchito wa azakhali ake. Apa m'pamene kuchepa kwa a sosho kunaonekera poyera. Mabungwe akunja anabwera ndi ndalama, sukulu za mkombaphala zinafalikira m'midzi, m'madera munasankhidwa anthu oteteza ana, ndipo mu 2006 Mtukula Pakhomo anayamba kuyesedwa ku Mchinji. Chaka chomwecho Yunivesite ya Katolika inatsegulidwa ku Nguludi, ndipo digiri ya ntchito ya sosho inali m'gulu la maphunziro ake oyambirira. Patapita zaka zochepa yunivesite ya DMI St John the Baptist ku Mangochi inayambanso kuphunzitsa zomwezi. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 linapatsa a sosho udindo waukulu m'makhoti, ndipo m'zaka zotsatira Chancellor College inatsegula digiri yake, Magomero nayo n'kukwera kufika pa dipuloma. Kunena mosapsatira, makalasi amenewa anatsegulidwa ndi Edzi.

Choncho pamene Covid-19 inkafika, maphunzirowa pa mlingo wa digiri anali asanakwanitse n'komwe zaka 15. Aphunzitsi ake anali owerengeka, ndipo mabuku ambiri anali olembedwa ku America ndi ku Britain, onena za mabanja osiyana kwambiri ndi a ku Nsanje kapena ku Chitipa. Chimene chinkawongola zonsezi ndi atachimenti. Wophunzira amatumizidwa kwa milungu kapena miyezi ku ofesi ya sosho ya paboma, kuchipatala, ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ku Mpemba kapena ku Chilwa kumene amasungirako ana olakwira malamulo, kapena ku bungwe lina lililonse logwira ntchito ndi anthu. Kumeneko amaphunzira zimene m'buku mulibe: kuyamba walonjera amfumu usanalowe m'mudzi, kukhala pamphasa osati pampando ukamacheza ndi mayi wamasiye, kudziwa kuti mwana akati "ndili bwino" maso ali pansi, amalume ake ataima pakhomo, nkhani ikadalipo. Amaphunziranso kulemba lipoti loti woweruza alikhulupirire, ndi kubwerera kunyumba madzulo osasenza chisoni chonse cha tsikulo.

Kulikonse padziko ntchitoyi imaphunziridwa chomwechi. Ku England wophunzira amayenera kukwanitsa masiku 200 a ntchito ya manja asanalembetsedwe. Ku America bungwe loyang'anira maphunzirowa, la CSWE, limafuna maola 400 pa digiri yoyamba ndi 900 pa yachiwiri, ndipo mliri utavuta mu 2020 linalola kuti maolawo atsike ndi 15 peresenti, ena n'kumagwirira ntchito pa foni ndi pa kompyuta. Iwo anali ndi pothawira. Kwathu kuno, kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, za magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 zokha, ndipo anthu ogwiritsa ntchito intaneti sankafika ndi pa munthu mmodzi mwa asanu aliwonse. Mabandulo anali okwera mtengo moti chaka chomwecho cha 2020 anthu anachita kampeni yoti atsike. Mayunivesite ena, makamaka omwe si aboma, anayesa kupitiriza kudzera pa WhatsApp, Zoom ndi Google Classroom. Wophunzira wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa ankatsatira. Mnzake wa kumudzi ankayenda mtunda kukatchajitsa foni pa sitolo, n'kukwera pachulu kusaka netiweki, kuti angotsitsa manotsi. Ndipo ngakhale netiwekiyo ikanakhala yabwino chotani, manotsi ndi manotsi. Kuphunzira kuyendera khomo la munthu pa foni kuli ngati kuphunzira kupalasa njinga pomvera wailesi.

Ma atachimenti anaima. Maofesi aboma anayamba kugwira ntchito mosinthana, mabungwe ambiri anauza antchito awo kuti azigwirira kunyumba, zipatala ndi ndende zinachepetsa alendo. Wophunzira analibe womulandira, analibenso womuyang'anira.

Chopweteka n'chakuti miyezi imeneyi ndi imene dziko linkafuna anthu oterewa kuposa kale. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woti uyambe pa 18 Epulo, mavenda anakwiya m'misika, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso bungwe la HRDC litadandaula kuti boma silinakonze chimene osauka adzadye. Nkhaniyo inamveka ngati ya ndale, pakuti chisankho chobwereza cha pa 23 Juni chinali pafupi, koma funso lake linali la sosho lenileni: munthu wodya za tsikulo ukamutsekera m'nyumba, adya chiyani? Boma linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, ndalama zomwe zinadzayamba kufika m'mafoni a anthu mu 2021. Kumapeto kwa Meyi mabasi anabweretsa Amalawi ochokera ku South Africa kudzera pa Mwanza, ambiri ntchito zitawathera, ndipo oposa 400 mwa amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre anathawa. Anthu anawanyoza kuti ndi osamvera, koma munthu wosungidwa pabwalo la mpira popanda chakudya chokwanira ndi zimbudzi zabwino amafuna womumvetsera asanafune womulondera.

Kenako kunabwera nkhani ya atsikana. Kafukufuku wachangu wa boma anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo panachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Izi zinachitika m'dziko lomwe mu 2015 linakhazikitsa lamulo loti ukwati uziyambira pa zaka 18, n'kusinthanso malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti agwirizane nalo. Mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anali atathetsa kale maukwati ambiri otere, ndipo ntchitoyo inayambiranso. Koma kuthetsa ukwati ndi tsiku limodzi. Kutsatira mtsikanayo kuti abwerere m'kalasi, kukambirana ndi makolo amene analandira kale ndalama, kupeza womulerera khanda, zimenezo ndi miyezi, ndipo mwini ntchitoyo ndi wa sosho. Amene akanathandiza nawo pa atachimenti n'kuti ali kwawo, akudikira kuti boma linene tsiku lotsegulira.

Tsikulo linafika pa 7 Sepitembala kwa a Sitandade 8, a Fomu 4 ndi a chaka chomaliza m'makoleji, ena onse n'kutsatira pa 12 Okutobala. Apa m'pamene nkhani ya kasankhidwe ka ophunzira opita kuyunivesite inasokonekera, ndipo kuti timvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Malo m'mayunivesite aboma akhala ochepa kuyambira kale, ndipo kagawidwe kake kakhala kokanganitsa. Ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera boma lochokera, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti linaithetsa mu 1993, ndipo Bingu wa Mutharika anaibwezeretsa mu 2009. Mu Febuluwale 2020, patangotsala milungu yochepa kuti sukulu zitsekedwe, nduna ya zamaphunziro William Susuwele-Banda inalengeza kuti kota yatha. Kuyambira pamenepo chachikulu chinakhala mapointi a MSCE, ndipo bungwe la NCHE ndilo limasonkhanitsa mafomu a ofuna malo m'mayunivesite onse aboma. Wofuna malo amayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo.

Ambiri anasangalala kuti tsopano aliyense azilowa ndi nzeru zake. Koma mpikisano wa mapointi unayamba m'chaka chimene ana sanaphunzire mofanana ngakhale pang'ono. Mwana wa pasukulu yolipira ya m'tauni ankalandira ntchito pa foni ya makolo ake, mwina n'kumabwererwanso ndi mphunzitsi wapadera kunyumba. Mwana wa pa sekondale yoyendera ya kumudzi anakhala miyezi isanu ndi theka akulima dimba, kuwotcha njerwa kapena kugulitsa mandasi. Mayeso a MSCE, omwe m'zaka za m'mbuyomo ankalembedwa pakati pa chaka, anayamba kumapeto kwa Okutobala. Asanapite patali, mapepala anapezeka akuyenda pa WhatsApp, ndipo pa 4 Novembala boma linathetsa mayeso onse. Likasa limeneli silinabwere ndi kachirombo, linali vuto lathu lakale, koma linagwera ana amene anali atatopa kale. Anayambiranso kulemba pa 5 Januwale 2021, m'kati mwa funde lachiwiri la mliri, lomwe pa 12 Januwale linatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso kuti dziko lili pangozi, sukulu zinatsekedwanso mpaka chakumapeto kwa Febuluwale, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo. Zotsatira zitatuluka, okhoza anali pafupifupi 41 peresenti, chiwerengero chotsika kwambiri poyerekeza ndi zaka zambiri za m'mbuyo mwake.

Tikamakamba za mmene mliri unakhudzira kalowedwe ka m'mayunivesite, maso amathamangira pa mndandanda wa osankhidwa. Koma mndandandawo sunachepe, pakuti ofuna malo nthawi zonse amaposa malowo kutalitali, ndipo mpando uliwonse unapeza wokhalapo. Chimene chinasintha ndi amene anakhalapo. Mtsikana amene anatenga mimba ali Fomu 3 mu Juni 2020 sanalembe fomu ya NCHE, choncho palibe buku la yunivesite limene limamuwerenga ngati wotayika. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, koma obwereradi ndi ochepa, ndipo obwerera n'kudzapeza mapointi olowera kuyunivesite ndi ochepa koposa. Kwa maphunziro ena, kutayika kwa ana oterewa ndi nkhani ya chilungamo chabe. Kwa maphunziro a sosho ndi nkhani ya ntchito yeniyeniyo, chifukwa wodziwa bwino khomo la agogo olera zidzukulu ndi amene anakuliramo, ndipo ndi yemweyo amene savuta kukagwira ntchito ku Makanjira kapena ku Nthalire osapempha kusamutsidwa chaka chisanathe.

Palinso china. Malo ambiri a digiri ya sosho ali m'mayunivesite a mipingo ndi ena omwe si aboma, kumene kulowa kumadalira thumba la kholo kuposa mndandanda wa NCHE. Mu 2020 matumba amenewo anabooka. Mahotela ndi malo ogona alendo anachotsa antchito, aphunzitsi a sukulu zolipira anakhala miyezi osalandira, malonda odutsa malire anaima, ndipo abale a ku Joni amene ankatumiza fizi ndi omwe aja ankabwera pa mabasi manja ali m'thumba. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, silinayambe lakwanitsapo onse opempha. Gulu lina lomwe linavutika mwakachetechete ndi la alangizi amene ali kale pantchito, omwe anatuluka ku Magomero ndi satifiketi ndipo amaphunzira Loweruka ndi Lamlungu kuti apeze digiri. Amenewa ndi amene ankathamanga ndi nkhani za maukwati a ana mkati mwa sabata, fizi akulipira okha kuchokera pa malipiro a boma.

M'mayunivesite aboma vuto linali la kalendala. Chancellor College inali itazolowera kale kutsalira: mu 2011 inatsekedwa miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa Blessings Chinsinga kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi, ndipo mu 2017 aphunzitsi ananyanyalanso kwa miyezi ingapo pa nkhani ya malipiro. Mliri unawonjezera ngongole ya nthawi pa ngongole inzake. A chaka choyamba sangalowe m'mahositelo a chaka chomaliza asanatuluke, choncho osankhidwa ankadikira kunyumba, dzina lili m'nyuzipepala koma tsiku loyambira osalidziwa. M'kati mwa zonsezi, pa 4 Meyi 2021, Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Ophunzira za sosho a ku Zomba amene analowa pansi pa yunivesite yakale anadzatuluka pansi pa yatsopano, mochedwa kuposa mmene ankayembekezera.

Poyerekeza ndi Edzi, Covid-19 inapha anthu ochepa kuno. Olembedwa m'mabuku a boma sanafike 3,000. Katemera woyamba anafika mu Malichi 2021, ndipo pang'onopang'ono zotchinga pakamwa zinayamba kusowa m'minibasi. Koma sukulu sizinapume. Kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inakula kukhala yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi milungu iwiri. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula mapiri a Soche ndi Mulanje, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo makalasi ambiri a m'chigawo cha kummwera anasanduka misasa. M'misasamo munali ana osadziwa kumene makolo awo ali, ofunika kuwalemba maina, kuwafunsa modekha za kwawo ndi kuwasakira abale. Ntchito imeneyo inagwera maofesi a sosho a m'maboma ndi mabungwe othandizana nawo, pa nthawi imene ophunzira omwe anatumizidwa kwawo mu Malichi 2020 ali chaka choyamba kapena chachiwiri ankamaliza kumene maphunziro awo. Kalendala ya sukulu za pulayimale ndi sekondale inadzabwerera mwakale, yoyamba mu Sepitembala, m'chaka cha 2023.